Yotamu ndi Mtsuko wa Asungi

Panali munthu wina, m'dziko limene simungalipeze pa mapu, amene ntchito yake inali yosunga mtsuko. Dzina lake anali Yotamu Mbalule.

Ndiyambe ndakuuzani za dzikolo, inu akulu a mpingo, kuti musasochere. Tiyerekeze kuti azungu atachoka, malire sanakhale monga tikuwadziwira lero. Pakati pa mapiri awiri panatsala kadziko kakang'ono kodzilamulira kokha, kotchedwa Kasumbwi. Kanali ndi nyumba yakeyake ya malamulo, ndi zipani ziwiri zimene sizinkamwerana madzi. China chinali Chipani cha Msewu. Anthu ake ankafuna misewu ya tala, mafakitale, feteleza ndi mbewu zamakono. China chinali Gulu la Asungi. Iwowa ankafuna kuti malo asagulitsidwe kwa alendo, kuti ana aziyamba sukulu m'chilankhulo cha amayi awo, ndi kuti zimene makolo anasiya zisatayike. Sanali anthu oipa. Ambiri anali alimi ndi aphunzitsi amene ankaona zinthu zikusintha mofulumira, ndipo ankachita mantha.

Amene anayambitsa gululo anali mphunzitsi wopuma, a Hezekiya Mtsiriza. Tsiku lokhazikitsa gulu anabwera ndi mtsuko wakuda. Anathiramo mapira ofiira otchedwa chimwamame. Mapirawo ankacha ngakhale mvula idule msanga, ndipo anthu ankati amakhalira mame okha. A Hezekiya anawasakaniza ndi phulusa, navundikira ndi phale, namata pakamwa pa mtsuko ndi phula la njuchi. Atatero anauza anthu kuti, "Chathu chili umu. Chisatayike."

Kuyambira tsiku limenelo mtsuko unakhala chizindikiro cha gulu. Mbendera yawo inali yofiira ngati katondo, pakati pake mtsuko wakuda. Msungi aliyense ankamanga chingwe chofiira pa dzanja lamanzere. Awiri akakumana ankafumbata dzanja pachifuwa ngati afumbata mbewu. Wina ankafunsa kuti, "Zilimo?" ndipo mnzake ankayankha kuti, "Zilimo." Kamodzi pa chaka mtsuko unkanyamulidwa kuzungulira tawuni, malipenga patsogolo, mbendera pambuyo.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi a Hezekiya anamwalira. Akuluakulu otsala anaopa kuti wina angasewere ndi mtsuko, ndiye anaika lamulo. Aliyense wodula phula avulidwe chingwe pamaso pa anthu. Atuluke m'nyumba ya gulu pasanathe masiku atatu. Ndipo pakhomo pake pakadzagwa maliro, Msungi aliyense asadzapondeko.

Anafunanso munthu wokhala ndi mtsukowo, ndipo anasankha Yotamu. Anali mlimi wosayankhulayankhula, wosamwa, wosakangana ndi munthu. Mkazi wake Nankhoma anali mlongo wa Lameki Chinkhota, mmodzi wa atsogoleri achinyamata a gululo, amene pambuyo pake anadzakhala wapampando. Anawapatsa nyumba ya gulu ya zipinda zitatu. M'chipinda chapakati munali thebulo, pathebulopo mtsuko.

Chaka chachiwiri cha ntchito yake, m'mawa wina Yotamu akupukuta thebulo, anaona kaufa kofiira pansi pa mtsuko. Anayang'anitsitsa phula, napeza mng'alu wochepa ngati tsitsi. Ali chiyang'anire, pamng'alupo panatuluka nankafumbwe. Anatsamiza khutu pa mtsuko ndipo anamva kaphokoso kamene mlimi aliyense amakadziwa.

Tsiku lomwelo anapita kwa mkulu wina wa gulu. Sanalimbe mtima kunena zonse. Anangofunsa kuti, "Kodi abambo, mbewu ingakhale zaka zingati mumtsuko isanafe?"

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafumbata dzanja pachifuwa, nati, "Zilimo, Yotamu. Funso limenelo usadzalibwerezenso."

Yotamu anabwerera kwawo. Anadziwa kuti akanena za mng'alu, akuluakulu adzangomatapo phula lina, anankafumbwe n'kutsala m'kati akudya. Anakhala masiku atatu osadziwa chochita. Tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, anatseka chitseko, nauza Nankhoma kuti aime pazenera. Anatenga mpeni nadula phula.

Zimene anakhuthulira m'lichero zinali fumbi, makoko ndi tizilombo. Nankhoma anapeta, nasankha imodziimodzi. Mumtsuko wonsewo njere zathunthu zinangokwana manja awiri.

Kuseri kwa phiri, ulendo wa maola awiri, kunali tsala la malemu amayi ake a Nankhoma, kumene kunalibenso wolima. Mvula itagwa anakadzala njerezo kumeneko. Mbewu inali ya zaka zisanu ndi zitatu. Anadikira sabata imodzi, kenaka ina. Inamera mitengo khumi ndi umodzi yokha.

Chaka chimenecho ndi chotsatira chake mumtsuko munali mchenga. Tsiku la gulu litafika, anthu anaunyamula kuzungulira tawuni monga mwa nthawi zonse, Yotamu akuyenda patsogolo pake. Mazana a anthu anamufunsa kuti, "Zilimo?" ndipo iye anayankha aliyense.

Mitengo khumi ndi umodzi ija anaisamala ngati ana. Mapira atayamba kucha, Nankhoma anamanga kachisakasa m'munda, namakhala komweko kuingitsa mbalame kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anthu ankati wapita kukadwazika mayi ake aang'ono. Anakolola, nadzalanso zonse osadyako ngakhale njere. Chaka chachitatu mtsuko unadzaza.

Kuchokera apo Yotamu anali ndi mwambo wake umene palibe ankaudziwa. Chaka chilichonse akakolola ankatseka chitseko, n'kudula phula. Ankachotsa mbewu ya chaka chatha kuti akaidzale mvula ikagwa, n'kuthiramo yatsopano. Anaphunzira kumata phula mofanana ndi mmene a Hezekiya anamatira, ndi kulifukiza utsi kuti lioneke lakale. Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo sanazolowere. Mlendo akayandikira kwambiri thebulo, Yotamu ankapeza choti amuonetse panja. Mwana wawo Feliya anakula mpaka kukwatiwa akudziwa kuti pali munda umene sautchula kusukulu kapena kutchalitchi.

M'zaka zimenezo Asungi anakula. Anapambana zisankho kawiri, naluza kamodzi. Mtsuko unajambulidwa pa nsalu za amayi, pa makope a ana asukulu, ngakhale pa zitseko za magolosale. Koma mapira enieniwo anthu anasiya kuwalima. Sanagwirizane zosiya. Zinangochitika pang'onopang'ono. Mapira amafuna woingitsa mbalame, ndipo ana anali kusukulu. Chimanga chamakono chinali ndi msika. Amuna a zingwe zofiira ankaima pamzere umodzi wa feteleza ndi a Chipani cha Msewu, akupatsana moni wofumbata dzanja. Aliyense ankaganiza kuti mnzake wa kumudzi wina akadasungabe chimwamame. Zaka makumi awiri zitatha, munalibe nkhokwe m'Kasumbwi monse imene munali mapirawo.

Kenaka mvula inavuta. Chaka choyamba inadula chimanga chitangomasula ngayaye. Chaka chachiwiri inabwera mochedwa, nichoka msanga. Anthu anagulitsa mbuzi, kenaka malata a madenga awo. Anayamba kudya gaga ndi mango owiritsa. Kuzipatala kunadzaza ana otupa miyendo. A zanyengo analengeza pa wailesi kuti chaka chachitatu nachonso mvula idzakhala yochepa.

Kuseri kwa phiri chimwamame chinacha zaka ziwiri zonsezo. Yotamu ataona mmene zinthu zikuyendera anakulitsa munda, ndipo iye ndi mkazi wake anadzimana. Ankaphikira anansi thobwa n'kumati ndi la mawere. Zotsala anazisunga m'kankhokwe kobisika pakati pa miyala. Munali matumba asanu ndi anayi.

Anthu anayamba kukumbukira mapira akale. Anafunsana mudzi ndi mudzi, osawapeza. Pamenepo wina anati, "Si ali mumtsuko?"

Anayamba amayi asanu ndi awiri a kumidzi ya kumtunda. Anafika m'mawa pabwalo la nyumba ya gulu, aliyense ndi kapu yake, nakhala pansi. Sanaimbe nyimbo ndipo sanatukwane munthu. Anangoika makapu patsogolo pawo. Ambiri mwa iwo anali ndi zingwe zofiira pamanja. Tsiku lachitatu analipo mazana anayi. Mtsogoleri wa Chipani cha Msewu anayankhula pa wailesi nati, "Zaka makumi atatu akhala akutiuza kuti zilimo. Ngati zilimodi, atsegule."

Lachinayi masana Lameki anabwera kunyumba ya gulu kudzera kukhomo lakumbuyo. Anapeza Yotamu akusesa m'chipinda cha mtsuko.

"Alamu, tsekani chitseko," anatero Lameki. Anakhala pampando ngati munthu wochokera ulendo wautali, maso ali pamtsuko. "Ine ndisanakhale wapampando ndinali mlimi ngati inu. Mbewu ya zaka makumi atatu. Mukuganiza kuti muli chiyani umu?"

"Phula lili monga mukulioneramu, alamu," anayankha Yotamu.

"Sindikufunsa za phula."

Yotamu anapitiriza kusesa.

"Ndikuuzeni ine," anatero Lameki. "Muli fumbi. Ndakhala ndikudziwa zaka zambiri, ndipo sindinauzepo munthu. Tikatsegula, gulu latha tsiku lomwelo. Koma zimenezo n'zazing'ono. Amayi ali panjawa chimene chawatsalira n'chiyembekezo chokhacho. Akaona fumbi abwerera kwawo kukadikira imfa. Tikapanda kutsegula, athyola chitseko ichi." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Komiti yagamula. Loweruka m'mawa lole ibwera. Mtsuko upita kunyumba yathu ya kuphiri mpaka zinthu zitazizira. Alonda makumi asanu atsegula njira ndi zibonga. Inu ndi amene muunyamule kuchoka pano kukafika pa lole."

"Nanga amayiwo akakana kusuntha?"

"Ndapempha alonda kuti asamenye. Sindikudziwa ngati andimvera."

Mawu anafika pakamwa pa Yotamu. Anayang'ana chingwe cha padzanja la mlamu wake, nayang'ana chake, ndipo mawuwo anabwerera. Lameki anatuluka.

Lachisanu Yotamu ndi Nankhoma anapita kuseri kwa phiri. Anafika dzuwa litakwera, nakhala pamwala pafupi ndi kankhokwe kaja. Yotamu anafotokoza zonse zimene Lameki ananena. Kenaka anati, "Ndaganiza njira ina. Tizipereka mbewuyi mwakachetechete, banja ndi banja, tizinena kuti tinaipeza kunja kwa dziko."

"Mabanja angati mvula isanagwe?" anafunsa Nankhoma. "Makumi awiri? Nanga mawa lino, amayi aja ndi zibonga?"

"Ndikatsegula, atithamangitsa m'nyumba. Tili ndi zaka zingati, Nankhoma? Mmodzi wa ife akatsogola, achimwene anu enieni sadzabwera kudzakhala pansiwa."

Nankhoma anachotsa chisoso pa chitenje chake. Kenaka anati, "Bambo a Feliya, ine ndaingitsa mbalame m'munda uno zaka makumi awiri ndi ziwiri ngati mbava. Ndanamiza mlongo wanga, ndanamiza a mvano anzanga, ndaphunzitsa mwana wanga kunama. Ndinkati tikusunga mbewu kuti idzathandize anthu tsiku lina. Ngati tsikulo si mawa, ndiuzeni kuti tinkasungira chiyani. Zoti sadzabwera pa maliro athu, asadzabwere. Maliro amene akubwera m'dziko muno ndi ambiri kuposa athu awiriwa."

Yotamu anadzuka nakaika dzanja m'thumba limodzi, natapa mapira, nawayang'ana. Kenaka awiriwo anabwerera kutawuni.

Loweruka m'mawa bwalo linali lodzaza. Amayi anali atakhala pansi kuyambira pamasitepe mpaka kumsewu. Lole inaima kumapeto kwa bwalo, injini ikulira. Alonda anafola mizere iwiri ndi zibonga zawo, ena mwa iwo akupewa kuyang'ana pansi chifukwa amayi awo owabereka anali pomwepo. A Chipani cha Msewu anaima patali akuonerera. Lameki ndi komiti yake anaima pakhonde.

Yotamu anatuluka atanyamula mtsuko pachifuwa. Mkulu wa alonda anakweza chibonga nauza amayi kuti apatuke. Palibe anasuntha.

Yotamu anatsika sitepe imodzi, kenaka yachiwiri. Pa yachitatu anaima. Anagwada, naika mtsuko pansi. Nankhoma anachokera kumbuyo kwake ndi lichero. Yotamu anatulutsa mpeni m'thumba, ndipo anthu asanazindikire chimene chikuchitika, anazunguliza mpeniwo pakamwa pa mtsuko, nachotsa phale.

Lameki anatseka maso.

Mapira anakhuthukira m'lichero, ofiira, ouma bwino, akulira ngati mvula pa malata. Anadzaza lichero mpaka ena kugwera pamasitepe. Woyendetsa lole anazimitsa injini. Mayi wina amene anali pafupi anatola njere imodzi, naipukuta phulusa, nailuma. Anaitafuna pang'onopang'ono, natembenukira kwa anzake.

"Ndi chimwamame," anatero. "Koma iyi si mbewu yakale. Iyi ndi ya chaka chino."

Lameki anatsegula maso, natsika masitepe. Anatapa mapirawo, nawanunkhiza. "Alamu," anatero, "zatheka bwanji?"

Yotamu anaimirira. Sanazolowere kuyankhula pagulu, ndipo akumbuyo anachita kufunsa akutsogolo zimene wanena.

"Phula ili ndinamata ndine," anatero. "Si lero loyamba kulidula. Ndalidula chaka chilichonse kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mbewu ya a Hezekiya inadyedwa ndi anankafumbwe. Imene inatsala ndinakaidzala, ndipo inamera mitengo khumi ndi umodzi. Iyi ndi zidzukulu zake. Zaka ziwiri munanyamula mchenga, ine n'kumakuyankhani kuti zilimo. Ndinakunamizani nonse. Kuseri kwa phiri kuli matumba asanu ndi anayi. Kapu imodzi ikwana kamunda ka banja limodzi."

Atatero anatambasula dzanja lake lamanzere kwa Lameki.

Wapampando anakhala pansi pa sitepe, pafumbi, ndi suti yake. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo anthu sanadziwe ngati akuseka kapena akulira. Mkulu wa alonda anatsitsa chibonga, ndipo anzake anatsitsanso. Mlonda wina anachoka pamzere nakakhala pansi pafupi ndi amayi ake.

Koma pakhonde mmodzi wa akomiti anayankhula mokweza. "A wapampando, lamulo lilipo, ndipo munthuyu wavomera ndi pakamwa pake."

Lameki anadzuka. Anayang'ana mlongo wake, ndipo Nankhoma anamuyang'ananso osaphethira. Kenaka anagwira dzanja la Yotamu namasula chingwe. Mfundo inali italimba ndi zaka, ndipo anavutika nayo. Pamene chinachoka, padzanjapo panatsala mzere woyererapo.

"Lamulo likuti muvulidwe chingwe, ndipo ndakuvulani," anatero Lameki. "Likuti mutuluke m'nyumba pasanathe masiku atatu, ndipo mutuluka. Koma silikunena kanthu za lole. Kwerani kutsogolo, alamu, mutilondolere njira. Alonda inu, siyani zibongazo apa, mukasenze matumba."

Yotamu ankayembekeza kuti chingwe chikachoka agwa pansi ndi manyazi. Sizinatero. Anapuma mpweya wautali, ndipo anamva njala, chifukwa anali asanadye bwino kuyambira Lachinayi. Anapempha madzi, ndipo mayi wina anamupatsa m'kapu yake.

Matumba anafika madzulo. Panali mlangizi wa zaulimi, wa Chipani cha Msewu, amene anati anthu asasangalale msanga. Anawerenga njere zana limodzi, naziyala pachiguduli chonyowa, nachipinda, nachiika pakhonde pomwepo. Anthu ambiri sanapite kwawo. Anadikira masiku anayi. Tsiku lachinayi mlangiziyo anafunyulula chiguduli pamaso pa onse, nawerenga mokweza njere zimene zinatulutsa mizu. Zinakwana makumi asanu ndi anayi mphambu imodzi. Anavula chipewa chake, nakagwira Yotamu chanza.

Anagawa mbewuyo kapu imodzi pabanja, osafunsa kuti uyu ndi wa chipani chiti. Mvula inagwa mochedwa ndipo inadula mu Febuluwale, monga ananenera a zanyengo. Chimanga chinauma kachitatu. Chimwamame chinapinda masamba masana, n'kumawatambasula m'mawa, ndipo chinabereka. Sukulu zinatsekedwa sabata zitatu kuti mabanja onse akaingitse mbalame. Sindikuuzani kuti aliyense anapulumuka. Alipo amene sanafike pokolola. Koma kuyambira mwezi wa Epulo kuzipatala kunayamba kuchepa ana, ndipo m'midzi munamvekanso misi ikusinja.

Zipani zinapitiriza kukangana. A Msewu ankati ndi iwo anakakamiza kuti mtsuko utsegulidwe. Asungi ena ankati nkhaniyi yaonetsa kuti iwo ankanena zoona kuyambira kale. Ena ankati Yotamu ndi wopanduka, ndipo sanamuyankhulenso. Iye ndi Nankhoma anamanga nyumba ya zidina pamunda wawo kuseri kwa phiri, nakhala kumeneko. Anthu amene ankawayendera ankati Yotamu wanenepako, ndipo wayamba kuseka nthabwala.

Atakolola, msonkhano waukulu wa Asungi unakangana masiku awiri. Chingwe cha Yotamu sanamubwezere, pakuti mavoti sanakwane. Koma anagwirizana chinthu chimodzi, kuti mtsuko uzitsegulidwa chaka ndi chaka pamaso pa anthu, mbewu yakale izigawidwa kwa alimi, yatsopano izithiridwamo. Anasankha wosunga watsopano, kalaliki wa pakhoti wotchedwa Elifala Ndawala.

Patapita sabata, Elifala anafika kuseri kwa phiri atanyamula mtsuko m'dengu, thukuta lili kamukamu. Anapereka moni mwaulemu, nakhala pamphasa.

"Abambo," anatero, "mbewu tathiramo. Koma m'komiti monse palibe amene akudziwa kumata phula. Tayesa katatu, likungosweka."

Yotamu anasonkha moto, nasungunula phula m'kachitini. Anamuonetsa kupukuta pakamwa pa mtsuko, kukhazika phale, ndi kuyendetsa chala phula likadali lofunda. Kenaka anamupatsa kachitiniko kuti ayese yekha. Elifala, pofuna kuonetsa khama, anayamba kuthira lambiri.

Yotamu anamugwira mkono. "Basi pomwepo," anatero. "Lokwana kutsekereza nankafumbwe. Mukathira lambiri mudzavutika nokha chaka chamawa."

Tsono inu amene mwasankhidwa lero kukhala akulu a mpingo uno, ndakuuzani fanizoli chifukwa ndamva mikangano yanu. Ena mwa inu mukuti zonse zikhale monga anasiyira makolo, ndipo mukunena zoona kuti anatisiyira zinthu zabwino. Chaka cha njala chikadzafika tidzazifuna. Koma dzifunseni kuti nyimbo zakale zimene mukuziteteza zija ndi ana angati amene angaziimbe osayang'ana m'buku, ndipo ndani wa inu anakhalapo nawo pansi kuwaphunzitsa. Chimene mukuchikonda chitulutseni, muchipereke m'manja mwa ena, chikadali ndi moyo. Ndipo mukadzamva kuti wina mwa inu wakhudza chimene mumati n'chosakhudzika, musathamangire kumuvula udindo. Yambani mwamufunsa chimene anaona.